Mapaundi Makumi Anayi

Linali pa shelefu yapamwamba, kuseri kwa makandulo ndi mbedza,
m'sitolo ya Ishbel ku Campbeltown:
botolo lobiriwira, pepala lake litayamba kufuwa,
fumbi litakhazikika pamapewa.
Fakitale yomwe inatcheza wisiki ameneyo
inali itatsekedwa chaka chomwecho,
migolo yotsala itapita pa lole, usiku,
ngati banja lothawa ngongole.

"Latsala lokhali, Lachlan," anatero Ishbel.
"Mapaundi makumi anayi. Ukalisiya, usadzandilirire."
Ndalama ndinali nazo, zinkanditentha m'thumba la jekete.
Koma galimoto inkafuna tayala,
ndipo ine ndinali munthu wanzeru masiku amenewo.
Ndinati ndibwera Loweruka.

Loweruka ndinapeza kamalo kozungulira, koyera,
pakati pa fumbi.
Akuti mlendo wina wa njinga, wonyowa ngati khoswe,
analowa kudzafunsa njira
natuluka nalo atalikulunga m'sokosi.

Lachiwiri ndinaliona ku Oban, hotela ina ikugulitsa katundu.
Ndinaligwira ndithu, ndi manja awiri,
n'kuliyang'anitsa kudzuwa la pawindo:
mtundu wa uchi wakale.
Atatchula mtengo ndinaseka mokweza
kuti anthu onse amve kuti sindine chitsiru.
Mowa wa mtengo wa nkhosa zitatu?
Ndinalibwezera pathebulo pang'onopang'ono
ngati mwana wa eni ake.

Lachitatu sindinalione n'komwe.
Anaimba foni ndi mkulu wanga Torquil,
yemwe anagubuduza migolo m'fakitale ija zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
yemwe juzi yake inkanunkha utsi wa dothi loyaka la m'madambo
ngakhale itachapidwa kawiri.
"Ndalipeza lina," anatero. "Tisonkherane, theka ndi theka.
Tidzatsegule tsiku lomwe udzatsike pa sitima komaliza."
Nthawi imeneyo n'kuti tisakulankhulana bwino
chifukwa cha boti la bambo,
boti lomwe linkaola pagombe ife tikulimbirana.
Ndinayankha kuti ndiganize kaye.
Ndinaganiza chilimwe chonse.
Mu Novembala tinamunyamula anthu asanu ndi mmodzi,
mphepo ya kunyanja ikutilanda nyimbo pakamwa.

Dzana mdzukulu wanga Eilidh
wandionetsa pafoni botolo lomwelo pa okushoni.
Ndinawerenga maziro ndi chala, kawiri.
"Agogo, bwenzi mutagula nyumba!"
Ndinangoti eya, bwenzi.
Onse amayesa ndimalira ndalama,
ndipo ndimawasiya, chifukwa ndalama n'zosavuta kulira pagulu.

Ine chimene chimandidzutsa usiku n'chakuti
sindikudziwa kukoma kwake.
Torquil ankati umayamba ngati mchere wa pamilomo ukachoka panyanja,
kenako utsi, kenako peyala lakupsa,
ndipo pomaliza, ukadikira, umamva thabwa la mgolo
likukuuza zaka zake.
Ankanena atatsinzina.
Ine ndinkayang'ana wotchi.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Wanga ndinamusiya pachala katatu konse
kenako n'kumadabwa ndi mphepo.

Kwinakwake botolo limenelo lili m'kabati yagalasi,
kwa munthu amene sadzalitsegula,
amene sanamvepo fungo la juzi ija,
ndipo wisiki ali phee mumdima,
sakukalamba, sakudikira aliyense.
Wokalamba ndine.

Sitolo ya Ishbel pano amagulitsamo ayisikilimu.
Ndimalowabe Loweruka lina,
ndimagula kakang'ono kuti asandiyese wamisala,
maso n'kukwera okha pamwamba paja
pomwe tsopano pali wailesi ndi duwa lapulasitiki.
Mtsikana wogulitsa amafunsa ngati ndataya kanthu.

Tayala lija, kunena zoona, linali labwino.
Linayenda miyezi isanu ndi iwiri,
n'kuphulika pa msewu wa ku Tarbert,
mvula ikugwa.